A Nangondo Awiri

Dzulo ndikusesa ndinapeza kapepala ka mapilisi a malemu amuna anga. Kanandikumbutsa mayi atagonekedwa kuchipatala, ine ndili kamtsikana kowadikirira.

Namwino akabwera ndi mankhwala ankayamba wafunsa, "Dzina lanu ndani, mayi?" M'mawa, masana, funso lomwelo. Ndinkayesa chipongwe, poti Chichewa cha mayi chinkamveka Chilomwe.

Tsiku lina ndinalusa. "Ndi a Nangondo! Kodi ndinu ogontha?"

Gogo wa pabedi loyandikana anatambasula dzanja. "Ndine pano, ndipatseni."

Namwino anandiyang'ana. "Waona, mwanawe? Awanso ndi a Nangondo, koma mankhwala awo ndi a shuga. Ndikasinthanitsa, ulira maliro."

Ndinabisa nkhope m'chitenje cha mayi.

Lero ndikamalandira mankhwala, ndimatchula maina anga onse asanandifunse.