Mwana Wanga mu Mtondo

Titabwerako ku Malawi komwe tinathawira, nkhondo itatha, mwana wanga anali atangoyamba kuyenda. Chiwolokereni malire pa Mandimba sindinamutsitse pansi ngakhale kamodzi. Anatiuza kuti m'nthaka muli mamina, mabomba okwirira aja, osasankha kuti uyu ndi mwana. Ndiye kudya kumbuyo, kugona pachifuwa panga, kukodza pa ine.

Apongozi anandituma ku kavila, katauni kakale ka pamsewu wa ku Cuamba, kotchuka ndi osema kuyambira nthawi ya Apwitikizi, kuti ndikagule mtondo poti wathu unapsa. Ndinkaponda modutsa matayala a kamiyau, malole akuluakulu aja, mokha, maso pansi.

Kufika, mitondo inalipo iwiri basi. Pakhonde pa loja, sitolo yopanda denga, anapachikapo miyendo. Yamitengo. Yamanzere payokha, yamanja payokha. Anthu oti miyendo yawo ilipo yonse iwiri anali pamzere, mdala wosema akuwayeza ndi luzi, kumanga mfundo, luzilo n'kukoleka pamsomali.

"Mayi, bwerani tikuyezeni," anatero mdalayo. "Mwendo ukaduka kale timachita kulota kutalika kwake, munthu n'kumayenda chopendama. Bola kuyezeratu."

"Ine ndadzera mtondo, agogo."

"Onsewa anadzera mitondo."

Bambo ena pamzerepo anapempha kuti wawo adzawonjezereko pang'ono, akuti akazi awo amawaseka kufupika. Mdala anafunsa, "Nanga winawo?" Iwo amvekere, "Winawo ukafuna utsatira." Anthu kuseka. Ine ayi.

Anandiyeza. Kenako mdala analoza kumbuyo kwanga. "Nayenso. Mutsitseni aime."

Ndinakana. Anati pabwalo limeneli pakhala pakuponda anthu chaka chathunthu, ndi mbuzi zomwe. Ndinati wangayu si mbuzi. Kenako anakunkhuniza mtondo umodzi n'kuuimika patsogolo panga.

"Muikeni umu. Umu mulibe nthaka."

Ndinamuika. Anaima atagwira m'mbali, n'kuyamba kupondaponda m'menemo, akukuwa ndi chimwemwe, timiyendo toti milungu itatu tisanagwire ntchito. Mdala sanamuyezenso. Anati wamwana muyezo umatha mwezi umodzi, n'kuwononga luzi chabe.

Ndinagula womwewo. Kunyumba apongozi anabwera ndi chimanga kuti tikonole, ine ndinaukaniza. Analalata, koma mphale tinkakakonolera kwa anansi. Mpaka mvula yoyamba mtondo unkapita nane kumunda. Ndinkauchirikiza ndi miyala, mwana m'kati, ine n'kumalima pafupi, kumvetsera khasu likamagunda chilichonse cholimba.