Wagolosale amene anandibera mwana

Pangodya ya msewu wathu pali kagolosale ka munthu amene timamutcha Mphuno. Mphunoyo Mulungu anamupatsadi mosaumira, koma dzinali linabwera chifukwa mwana akatumidwa ndudu kwa iye, amayamba wamugwira dzanja n'kumununkhiza zala.

Ine ndi Mphuno tinali kalasi imodzi, ndipo sukulu tinaisiya chaka chimodzi, iye chifukwa cha fizi, ine chifukwa belu linkakonda kulira ndisanafike. Ndudu yake yoyamba ndinamuyatsira ndine, kuseri kwa zimbudzi zapasukulu, ndipo anatsokomola mpaka misozi mbwee. Anadzasiya fodya mkulu wake atamwalira ndi chifuwa. Lero azimayi amamupatsa moni wa manja awiri, pomwe ine mphunzitsi wake ndimasoka nsapato pakhonde popanda wondiombera m'manja.

Mwana wanga woyamba ali ndi zaka khumi ndi zisanu. Kuyambira ali wamng'ono ndinkamutuma ndudu ziwiri, nthawi zina n'kumuuza kuti akandiyatsire pambaula. Mphuno sankamununkhiza, poti ndi mwana wa mnzake. Tsiku lina mnyamatayo anabwerako chimanjamanja.

"Akuti mupite nokha," anatero akuyang'ana pansi.

Ndinapita, singano ili m'manja.

"Achimwene, mwayamba kubweza makasitomala? Mwalemera eti?"

"Mumamutuma ndudu zingati?" anafunsa Mphuno.

"Ziwiri."

"Kuno amanena zinayi. Lero ndamununkhiza. Wopusa ndine, ndinkakhulupirira dzina lanu. Kuyambira lero mwana aliyense kuno azigula buledi, makolo ali ndi miyendo."

Panjira ndinakonza mawu olemera, a bambo weniweni. Koma nditamuona mnyamatayo atakhala pasitepe, pakamwa panga panachita zimene panazolowera.

"Ndamva kuti nyumba ino ili ndi chumuni chachiwiri."

Sanaseke. Anaimirira n'kukalowa kuchipinda.

Kuchokera pamenepo, akaweruka kusukulu ankangoponya chikwama n'kulunjika kwa Mphuno. Mwana amene kwathu sanyamula ngakhale mbale yake, kumeneko ankasanja makireti ndi kusesa khonde. Nkhani zake ndinkazimvera kwa mayi ake, ngati mlendo. Akuti anayamba kusuta chifukwa anzake a fomu yapamwamba ankamutcha khanda. Akuti machesi ake anakawasiya yekha kwa Mphuno. Akuti patha milungu itatu osasuta.

"Sukukondwa?" anandifunsa mkazi wanga.

Ndinkakondwa, koma chimwemwecho chinali ndi minga. Mphuno alibe mwana. Sanagulepo yunifolomu, sanaperekezepo munthu kukazulitsa dzino. Ine ndalima zaka khumi ndi zisanu, iye n'kudzakolola ndi mphuno basi.

Loweruka ndinamupeza mnyamatayo akupukuta nsapato zake.

"Iwe, zonsezi unakaululira kugolosale bwanji? Abambo ako anamwalira?"

"Ayi, adadi."

"Nanga?"

Anapukuta nsapato yopukutidwa kale, kenako anati, "Inu mukanaseka."

Ndinafunafuna nthabwala yoyankhira, ndipo ndinaipeza, yabwino ndithu. Ndinaimeza.

Dzulo masana ndinayenda ndekha kukagula ndudu. Ndili chapatali ndinamva mwana wanga akuseka, kuseka kwenikweni kogwira m'mimba. Mphuno ankamufotokozera za mphunzitsi wathu wa masamu amene anakhalira choko n'kuyenda tsiku lonse ndi yankho pathalauza. Nkhani imeneyo ndi yanga, ndipo iye amaikamba moipa, amayambira kumapeto.

Pamene ndinkafika, Mphuno anali atapita kumbuyo kukatenga katoni, ndiye amene anabwera pazenera anali mwana wanga, misozi ya kuseka idakali m'maso.

"Adadi, tikupatseni chiyani?"

Paketi inali pashelefu, kumbuyo kwa mutu wake. Ndinayang'ana paketiyo, ndinayang'ana iye.

"Sopo," ndinatero.

"Wochapira kapena wosambira?"

"Amene abwana ako amamukonda."

Anamwetulira pang'ono. Kanali kakang'ono poyerekeza ndi kuseka kumene anapatsa Mphuno, koma ndinakatenga, pamodzi ndi sopoyo.