Amakiyi a ku Nyumba ya Dokotala

Anthu a m'tauni ankangowatchula kuti Amakiyi. Kwa zaka zoposa makumi awiri, mayiwa ndiwo ankatsegula nyumba ya dokotala woyamba wa m'deralo, imene inasanduka malo oonetsera zinthu zakale. M'mawa uliwonse ankapukuta kabati ya mabotolo a mankhwala, kenako n'kukhala pakhonde kudikira alendo. Masiku ena pankangodutsa agalu.

Amuna awo anamwalira kalekale, mwana wawo mmodzi yekhayo anakwatiwa kutali. Choncho ankacheza ndi chithunzi cha dokotalayo. "Mwadzuka bwanji, achimwene? Lero tilinso awiriwiri."

Tsiku lina kunalowa bambo ena achikulire, ongobisala mvula. Amakiyi anawaonetsa chipinda chilichonse, mpaka sikelo yoyezera makanda.

"Ine anandiyeza pomwepa!" anatero bambowo. "Amayi ankati ndinkalemera ngati thumba la simenti."

Anaseka onse awiri mpaka misozi. Mvula itakata, bambowo anatsanzika n'kuthamangira basi. Amakiyi anatsegula buku la alendo kuti aone dzina lawo, koma anapeza kuti bambowo sanalembemo. Anaima pakhomo mpaka basiyo inakhota.