Kajuzi Kopita ku Joni

Ine ukafika mwezi wa Okutobala ndimadwala matenda a mapulani. Mutu umadzaza ndi mphatso za Khirisimasi ngati ndili ndi manja khumi: mkeka wa mlaza wa amayi anga, madiresi a atsikana anga awiri amene adakali pakhomo, tinsalu toyala pa mipando ta amayi abusa. Ndimaziwerenga pa zala uku ndikutembenuza usipa pa thandala, n'kumadzitama mumtima kuti chaka chino ndiye aona. Pofika Disembala chatheka n'chimodzi, nachonso chopanda mkono. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, ndipo pusiyo ndine.

Koma chaka chimene ndikunenachi ndinazitaya zonsezo. Ndinatsala ndi kanthu kamodzi, kajuzi ka mdzukulu wanga wa ku Joni.

Mwana wanga wachisamba anapita ku Joni kutsatira mwamuna wake, monga achitira ana ambiri a kuno kunyanja. Anati akukangoona kaye. Masiku a mu pasipoti anamuthera ali komweko, ndipo kubwera kuno kunasanduka nkhani yovuta, chifukwa akangotuluka sangalowenso msanga, pomwe ntchito ndi banja zili uko. Anachira komweko, mwana wamwamuna. Ine mayi wake ndinamva pa foni ngati mlendo. Sindinamusambitse mwanayo, sindinamutulutse m'chikuta, sindinamuberekepo kumbuyo ngakhale tsiku limodzi. Ndimangomuona pa galasi la foni netiweki ikalola, n'kumamukuwira monga timachezera ndi adzukulu aamuna kuti, "Amuna anga, mudzabwera liti kudzandigulira chitenje?" Iye amangoti maso tuzu, kenako n'kufuna kuluma foniyo.

Ndiye ndinati, poti manja angawa sangamufike, chimufike chimene manjawa apanga. Avale, chimukhudze pathupi. Ndinkafuna zokhazo basi.

Mwina mufunsa kuti bwanji juzi. Ha, simunawaone anyamata a ku Joni akamatsika pa Mangochi boma mwezi wa Disembala? Dzuwa likuswa mtengo, ife tikusungunuka, iwo ali m'majekete aakulu ndi zipewa zofika m'makutu. Komanso mwana wangayo atangofika kumeneko ankalira pa foni kuti kuzizira kwake n'kolowa m'mafupa. Ine ndinangomanga mfundo kuti Joni ndi dziko lachisanu chaka chonse. Kumufunsa sindikanatha, poti ndinkafuna angodzidzimuka nako.

Ndinakagula ulusi wolukira kumsika wa pa boma, wabuluu wowala bwino. Bambo a kunyumba anandinolera masipoko awiri a njinga yakufa kuti akhale singano. Ndinayamba masana ena pansi pa mango, thukuta lili kamukamu, ulusi ukumata m'zala. Anandipeza mnzanga woyandikana naye nyumba, mayi wachiyao wa pakamwa ngati lumo.

"Achemwali, misala yayamba liti? Juzi mu Novembala, kuno ku Mangochi? Mukufuna kuphika mwana wa ndani?"

Nditamufotokozera anasiya kuseka, ndipo anandibwereka mdzukulu wake, amene anabadwa mwezi umodzi ndi wanga, kuti ndiziyezerapo. Ndinkatambasula ulusi pamsana pa mwana wa eni ake, n'kuwonjezerapo zala ziwiri, poti ana a ku Joni amadya zonona.

Kuluka sikunali kovuta, ndinaphunzira ndili mtsikana. Vuto linali manja. Ine ntchito yanga ndi usipa. M'mamawa ndimakhala kugombe kulimbirana nsomba maboti akamakocheza, kenako kufutsa, kuyanika, kutembenuza, kuwolera. Fungo la usipa silimva sopo. Limalowa m'zikhadabo, m'tsitsi, m'chitenje, ngakhale m'Baibulo langa lilimo. Ndipo ulusi umayamwa fungo kuposa chinthu china chilichonse.

Fungolo ndinkaliopa pa chifukwa. Mwana wanga yemweyu ali ku sekondale yogonera, ndinapita kukamuona nditanyamula chinangwa ndi usipa wokazinga. Anandilandira bwinobwino, koma pondiperekeza anayang'ana pansi n'kunena kuti, "Amayi, mukamabwera kuno muzisintha nsalu. Anzanga amanditcha mwana wa usipa." Ndinaseka, n'kumuuza kuti usipawo ndi umene ukumuphunzitsa. Koma mu minibasi ndinakhala ndapinda manja m'khwapa njira yonse, ndipo mawu amenewo sanandichoke. Ndiye ndinalumbira kuti kajuzi aka sikakamuchititsa manyazi pakati pa anthu a ku Joni.

Chotero ndisanagwire ulusi ndinkayamba mwambo. Kusamba m'manja ndi phulusa, kenako ndimu, kenako sopo. Kusintha chitenje. Kutsegula ndowa ya chivundikiro imene ndinkabisamo ntchito yanga, kumasula jumbo, kukhala pansi, kupeza pomwe ndinalekezera. Ndikangolowetsa sipoko, wina uko: "Mvulaaa!" Abale inu, mvula ya kuno siipempha odi. Ndimataya zonse n'kuthamangira ku mathandala, chifukwa usipa ukanyowa ndiye kuti mwezi wonse tidya masamba. Pobwerera manja ali nsomba yokhayokha, mwambo uyambirenso.

Ikapanda mvula ndi amayi anga, amene miyendo inawakana kalekale, akuitana kuti ndiwatulutse panja, ndipo ndikawatulutsa akuti dzuwa lawawotcha ndiwalowetse. Akapanda amayi, ndiye bambo a kunyumba, afuna tiyi, afuna ndiwagwirire ukonde akusoka, afuna malaya awo amene ali pamphuno pawo pomwepo. Atsikana abwera kusukulu ndi njala ngati anakalima. Kumunda udzu sudikira. Kumpingo akuti amayi tonse tikazire tchalitchi chisanafike chikondwerero. Pamudzi pagwa zovuta, tikaphike kumaliro. Nanga ungakane maliro chifukwa cha juzi? Mawa ndani adzabwere pako?

Tsiku lina ndinakalipa. Ndinati, "Kodi pakhomo pano munthu ndine ndekha? Enanu manja munabwereketsa?" Onse anangondiyang'ana ngati ndalankhula Chipwitikizi. Kenako bambo a kunyumba anafunsa mofatsa ngati madzi osamba atentha.

Khirisimasi yoyamba inandipeza ndi msana wa juzi wokha. Transipota, bambo amene amanyamula katundu wa anthu pakati pa kuno ndi Joni, ananyamuka popanda kanthu kanga. Ndinadzitonthoza kuti palibe kanthu, chaka chamawa chilipo. Koma mwana sadikira singano. Chimanga chitacha ndinatenga kamsana kaja kukayeza pa mdzukulu wa mnzanga, ndipo sikanafike ngakhale m'chiuno. Ndinamasula konse. Ntchito ya miyezi inatha nthawi yochepa kuposa yophikira tiyi, ndipo ndinakhala ndi mulu wa ulusi wopotanapotana pamiyendo, misozi ili m'maso.

Mudzati chaka chathunthu chinali chokwanira, zengerezu adalinda kwawukwawu. Nenani, pakamwa ndi panu. Koma chaka chimenecho amayi anagonekedwa kuchipatala, ndipo wodikirira odwala ndinali ine, kugona pansi pa bedi, kuphika pa mafuwa kuseri kwa mpanda. Nditabwerako ndinapeza ndowa yanga yotsegula. Ndinafufuza nyumba yonse, mpaka ndinauona buluu wanga akuyenda pabwalo, ali m'mutu mwa mtsikana wanga wamng'ono. Mnzake anamulukira nawo tsitsi. Ndinatola nthyole, koma nditaona momwe ankadzionera pagalasi, dzanja linagwa lokha. Nayenso ndi mwana, ndipo ine ndinali ndisanamusokere kanthu zaka ziwiri.

Kumsika buluu uja anali atatha. Ndinazungulira mabenchi onse, wina akuti bwerani sabata yamawa, wina akuti ameneyo anasiya kubwera. Ndinagula wobiriwira. Ndiye kajuzi kanatuluka thupi labuluu, mikono yobiriwira, ndipo mkono wina unatalikirapo pang'ono chifukwa ndinauluka ndili ndi mkwiyo.

Ndinamaliza kutatsala masiku ochepa kuti transipota anyamukenso. Ndinakanyamula m'mwamba, mtima uli mbee, n'kuitana mnzanga uja kuti adzaone. Iye anakatembenuza, n'kukayandikiza kumphuno.

"Achemwali, kokongola ndithu. Koma aka ndi ndiwo. Ingothirani tomato ndi anyezi."

Mayo ine! Phulusa lonse lija, ndimu yense uja! Ndinanunkhiza ndekha osamva kanthu, poti mphuno yanga inafa kalekale ndi usipa. Koma ndinadziwa kuti sakunama. Munali nsomba, munali utsi wa kukhitchini, munali thukuta langa la miyezi yonseyo.

Mwamwayi ndinali ndi sopo waufa wonunkhira maluwa amene mwana wangayo ananditumizira kuchokera ku Joni, pamodzi ndi botolo la mankhwala ofewetsa zovala. Ndinkaumira, osagwiritsa ntchito, kudikira tsiku lalikulu. Ndinati tsiku lake ndi lomweli. Ndinaviika, kuchapa, kutsukuluza, kuviikanso, mpaka thovu linadzaza beseni. Ndinakayanika kwa mnzanga, kutali ndi mathandala athu, ndipo pokalongedza ndinapempha mtsikana wanga kuti akagwire ndi iye, ine ndisakakhudzenso. Mnzanga ananunkhiza n'kuvomereza kuti tsopano kakumveka ngati ka m'sitolo. Ndinanyadira, Mulungu andikhululukire.

Transipota ndinamupeza pa boma akumanga katundu pa ngolo ya galimoto lake, anthu atamuzungulira ndi timaphukusi tawo. Atandiona anakweza dzanja.

"Mayi, ngati ndi nsomba, ayi. Zimandivutitsa pa boda, komanso zimanunkhitsa katundu wa anthu."

Ndinamasula jumbo monyada kuti aone yekha. Anakayang'ana, n'kundiyang'ana ine.

"Juzi? Ya Khirisimasi? Mayi, Disembala ku Joni n'kotentha ngati konkuno. Kumazizira Juni ndi Julaye."

"Nanga majekete amavala anyamata anu aja?"

Anthu onse anaseka. Mayi wina anati, "Amenewo ndi matama chabe, mayi, kuti tidziwe kuti abwera." M'mutu ndinkawerenga miyezi yofika Juni, n'kumaona msana wa mdzukulu wa mnzanga momwe unkakulira. Ndinadziwa kuti pofika nthawi yozizira mutu sudzalowa. Ndinasowa mtengo wogwira. Ndinamanganso jumbo ija n'kupereka, nanga ndikanatani?

Pa Khirisimasi titaweruka kutchalitchi, mpunga uli pamoto, foni inalira. Ndinapukuta manja n'kukhala pakhonde pomwe netiweki imagwira. Pagalasi panatuluka amuna anga aang'ono ali mu buluu ndi wobiriwira. Mutu unalowa movutikira, kamimba kali panja, mkono wina utapindidwa. Ndinaimba nthungululu mpaka nkhuku zinabalalika. Koma mwanayo ankalira, akukoka khosi la juzi ndi manja onse awiri, thukuta lili pamphumi. Ndinati, "Muvuleni, muvuleni, angakomoke." Anamuvula, ndipo anatonthola nthawi yomweyo. Bambo ake anamunyamula n'kutuluka naye panja.

Ndinati basi, wavalako. Ngakhale kanthawi kochepa, kamukhudza.

Mwana wanga anatsala yekha pagalasi, kajuzi kali m'manja. Anali ataonda, ndipo kumbuyo kwake ndinkaona kachipinda kamodzi, bedi ndi mapoto zili pamodzi. Ndinayamba kupepesa za mikono yobiriwira, za kukula kwa mwana, za umbuli wanga wa nyengo. Iye sankamva. Anakweza kajuzi n'kukwiriramo nkhope yake, nthawi yaitali, mpaka ndinaganiza kuti netiweki yaima. Atachotsa, maso anali ofiira.

"Amayi, munachapiranji?"

Ndinati, "Iwe, kanali kununkha usipa. Ndimati ndisakuchititse manyazi."

"Transipota atandiuza kuti pali phukusi lochokera kwa inu, sindinadikire kufika kunyumba. Ndinatsegula pamsewu pomwepo. Ndimati ndimve fungo lanu, amayi. La utsi, la nsomba, la chitenje chanu chija. Zaka zonsezi ndikulifuna." Anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. "Ndanunkhiza paliponse, m'khosi, m'khwapa, m'kati. Kakungomveka sopo wa konkuno, yemwe ndimachapira zovala za abwana. Inuyo simulimo."

Ndinkafuna kumuuza kuti ndinalimo, mwana wanga, miyezi yonseyo ndinalimo, ndinadzichapamo ndekha ndi manja angawa. Ndisananene, galasi linaima, nkhope yake ili pakati pa kulira, kenako foni inadula. Ndinayesa kuimbanso, osalowa.

Kukhitchini mtsikana wanga anakuwa kuti mpunga ukupserera. Amayi anga anaitana m'nyumba kuti ndiwatulutse panja. Ine ndinakhalabe pakhondepo, foni ili pamiyendo. Ndinakweza manja anga n'kuwanunkhiza, ndipo monga mwa masiku onse, sindinamve kanthu.