Chikole cha aNangozo

Ndinanyamuka pa Dedza Loweruka m'mawa, nkhungu isanachoke paphiri. Mkazi wanga anandiperekeza mpaka pakhomo, nandifunsa ngati mpeni ndi chinthu choti munthu wamkulu n'kukwerera basi. Ndinayankha kuti anzanga amakwerera mpira. Sanatsutse, anangondipatsa juzi.

Ine ndimasonkhanitsa mipeni yopinda, ija ya m'thumba, yachikale. Ndinayamba bambo anga atamwalira, nditafunafuna mpeni umene anabwera nawo kuchokera kumigodi ya ku Joni, osaupeza. Unali ndi chogwirira cha mtengo wakuda ndi kamphete kumsana. Pofuna kuupinda munthu umakoka kampheteko. Lero ndili ndi mipeni yoposa khumi m'kabokosi, uliwonse pakansalu kake, ndipo Lamlungu ndikabwera ku Misa ndimaipaka mafuta a makina osokera. Koma wa kamphete ndinalibe.

Uthenga unabwera ndi mnzanga wina wocheka matabwa kuphiri. Anati kuseri kwa Mayani kunamwalira mkulu wina amene anali ndi mpeni woterowo, ndipo mwana wa mlongo wawo, a Laisoni, akuugulitsa. Ndinaika ndalama m'thumba la mkati, ndikumanga ndi pini.

Minibasi yopita ku Lilongwe inanditenga pa K4,000 mpaka pa Linthipe. Ndinakhala pafupi ndi mayi wina wonenepa amene anafungata dengu la tomato ngati khanda. Titadutsa mitengo ya paini, anandifunsa kumene ndikupita.

"Ku Mayani, mayi."

"Kumaliro?"

"Ayi, kukagula mpeni."

Anandiyang'ana kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato. "Pa Dedza yatha?"

Minibasi yonse inaseka, ngakhale kondakitala. Nanenso ndinaseka nawo.

Pa Linthipe ndinadikira galimoto ya matola nthawi yaitali ndithu. Njala itayamba ndinapita pachiwaya kukagula tchipisi. Wogulitsayo ankasenda mbatata ndi kampeni kosula yekha, chogwirira chake atachikulunga ndi mphira wa tayala la njinga. Ndinakayang'anitsitsa mpaka anasiya kusenda.

"Akulu, mukufuna tchipisi kapena mpeni?"

"Tchipisi," ndinatero, mwamanyazi pang'ono. Anandiwonjezera kabichi.

Pikapu itadzaza tinanyamuka, K5,000 munthu mmodzi, ine nditakhala pathumba la feteleza, miyendo ili pakati pa mbuzi ndi kreti ya zakumwa. Mvula inali itagwa kale kangapo. M'minda chimanga chinali chitamera, anthu atawerama m'mizere akupalira. Pena msewu unkaterera moti dalaivala ankatiuza kuti tonse tipendekere kumodzi, ndipo tinkamvera ngati ana asukulu. Mbuzi yokha ndi imene sinamvere.

Tinafika pa Mayani dzuwa lili pamutu. Wakabaza wa njinga yamoto anadziwa mudziwo nditangotchula dzina la malemu. "Akulu aja amapichesi," anatero. Ananditsitsa pakamtsinje kopanda mlatho, nandilozera nyumba ya njerwa zosawotcha patsidya, pafupi ndi mtengo waukulu wa mapichesi. Ndinavula nsapato n'kuwoloka.

Nditaodira anandiyalira mphasa pansi pa mtengowo. Anayamba kundilonjera ndi a Laisoni, bambo wa msinkhu wanga, wolankhula mofulumira. Kenaka anatuluka aNangozo, mkazi wa malemu, mayi wokalamba, wamfupi, atamanga duku yakuda. Pakhonde panali mayi wina wachikulire akusankha nyemba, amene anandiuza kuti ndi aNabanda, mlongo wa malemu, mayi awo a Laisoni. Ndinapepesa maliro monga mwa mwambo, kenaka a Laisoni anafotokoza chimene ndinabwerera.

Apa ndi pamene ndinazindikira kuti wogulitsa mpeni sanali nawo m'manja. Unali pamfundo ya chitenje cha aNangozo, ndipo iwo nkhani yogulitsayi ankaimva koyamba.

"Katundu wa malume timagawa ndife, aNangozo," anatero a Laisoni. "Njinga tinagawa, wailesi tinagawa. Mpeni ndi chinthu cha mwamuna."

"Uwu si wa malume ako. Ndi wanga. Ndi chikole changa."

A Laisoni anaseka. "Chikole chimakhala mpango, kapena ndalama. Ndani anafunsirapo mkazi ndi mpeni?"

"Malume ako," anayankha aNabanda ali pakhonde pomwepo, maso ali palichero. "Pobwera ku Joni anawabera sutikesi panjira. Anafika ndi zovala za m'thupi ndi mpeniwo m'thumba. Amene anatumidwa kukapereka ndine. Ndinaukulunga m'kansanza, njira yonse ndikupemphera kuti ndisakumane ndi munthu."

"Mutafika munangouponya pamphasa n'kuthawa, alamu," anatero aNangozo.

"Ndikanatani? Amayi anu anayesa tabwera kudzawaopseza."

Amayi awiriwo anaseka mpaka aNangozo anapukuta maso ndi nsonga ya duku. Koma a Laisoni sanagonje msanga. Anati zonsezo amva, komabe ukwatiwo unatha, mwini wake anamuika m'manda.

ANangozo anasiya kuseka. "Laisoni, chikole chimabwezedwa wina akamukana mnzake. Tandiuza, wakana mnzake ndani? Ine sindinawakane. Iwo sanandikane. Angotsogola."

Nkhuku ina inadutsa pakati pathu. A Laisoni anakanda kumutu, natembenukira kwa ine. "Pepani achimwene, ndakuyendetsani ulele." Ndinawauza kuti palibe chopepesa, ndipo ndinanena zoona. Pini ija sindinaimasule. Ndinayamba kuvala nsapato kuti nditsanzike.

"Mlendo sachoka pansi pa mtengowu kukamwa kuli gwa," anatero aNangozo. Anathyola pichesi pa nthambi yapafupi, namasula mfundo ya chitenje. Mpeni unatseguka ndi kaphokoso kakuti thwa, komwe ndinakamva komaliza ndili mnyamata, bambo akundisendera nzimbe. Anasenda pichesiyo mosafulumira, khungu lake osaduka, nandipatsa. Kenaka anandipatsanso mpeniwo kuti ndiuone.

Unali wopepuka kuposa mmene ndinkakumbukira wa bambo. Chitsulo chake chinatha ndi kunola mpaka kuonda ngati tsamba la nsungwi. Pachogwirira panali podyeka pamene pamakhala chala chachikulu. Ndinakoka kamphete, unapindika bwinobwino. Ndinaubweza ndi manja awiri.

Iwo sanaulandire. "Akuti inu mumasunga mipeni."

"Eya, mayi."

"Ndiye ndikusungitsani."

Ndinayesa kufotokoza kuti kusunga kwanga ndi kwina: ndimagula, n'kuika m'bokosi, basi ikhala yanga. Anapukusa mutu.

"Wogula sindikumufuna. Ndikufuna wosunga. Maso anga akutha, ndipo pano mpeni ukhoza kumera miyendo." Sanayang'ane munthu aliyense ponena izi, koma a Laisoni anayamba kuchita chidwi ndi nkhuku ija. "Mapichesi akamapsa muzibwera nawo. Mtengowu anabzala okha, ndipo chiyambire sindinasendepo pichesi ndi mpeni wina. A chaka chino atsala ochepa, ndidya ndi makungu omwe."

"Nanga tsiku lina, mayi, mukadza..." ndinayamba kufunsa.

"Tsiku limenelo mudzabwere nawo komaliza. Alamu akudziwa poika."

"Ngati sinditsogola ndine," anatero aNabanda, akupeta nyemba zawo.

A Laisoni ndi amene anandiperekeza mpaka pamtsinje, atandinyamulira jumbo la mapichesi. Panjira anati nkhani ya chikole ija sankaidziwa, ndipo anandipempha kuti ndikadzabwera ndidzawaimbire, adzandichingamire pa Mayani ndi njinga ya malume ija. Tinapatsana manambala.

Ulendo wobwerera unali wachete. Pa Mayani ndinapeza pikapu yomweyo, mbuzi kulibe. Pa Linthipe wa tchipisi uja anandikodola n'kundionetsa kampeni kake m'mwamba, ine n'kumukwezera chipewa. Ndinafika pa Dedza dzuwa likulowa, kukuzizira, juzi ija itagwira ntchito yake.

Mkazi wanga anafunsa mtengo wa mpeniwo. Ndinamasula pini, ndikumuonetsa ndalama zonse zili momwemo, kenaka ndinamufotokozera. Anautenga mpeniwo, nautembenuza kawiri m'manja.

"Ine munandipatsa kampango ka pamsika," anatero.

"Ukadalipo?"

"Si nkhani yanu." Koma anapita kuchipinda, ndipo ndinamva akutsegula sutikesi.

Mpeniwo ndauika m'kabokosi, pakona, pakansalu katsopano. Ina yonse ndi yanga, ndipo palibe amene amaifunsa. Uwu wokha uli ndi mwini wake, amene akuudikira. Ndinapita ku Mayani kukagula chinthu, koma mayi wosandidziwa anandikhulupirira nacho, ndipo sindikudziwa kuti zimenezi munthu amathokoza bwanji. Chimene ndingathe ndi kuupaka mafuta Lamlungu lililonse, ndi kumayang'ana pamsika ngati mapichesi ayamba kufika.