Geji yogwirira wakuba

Pikapu imene anandisiyira malemu amuna anga inali ya dizilo, yoyera, yonunkha nsomba ngakhale mutaitsuka ndi sopo wamtundu wanji. Ndiyo inkatidyetsa. Tinkakweza nsomba pa doko m'mamawa, kuthira ayisi, basi ulendo wa ku Lilongwe. Ine kuyendetsa sindidziwa. Ankayendetsa ndi bambo wina wachikulire, Msilamu wa mudzi woyandikana ndi wathu, amene anakulira limodzi ndi amuna anga. Ankanditchula kuti alamu, ine n'kumati achimwene.

Chaka chimene mafuta ankasowa, ndinayamba kusunga dizilo kunyumba. Akapezeka pa boma ndinkagula wambiri n'kumuthira m'zigubu zachikasu zija zimabwera ndi mafuta ophikira. Nthawi yomweyo galimoto inayamba kudwala. Pachidikha inkayenda bwinobwino, koma tikangoyamba mitunda ya pamsewu wa ku Lilongwe inkatsokomola, mphamvu n'kutha, mwina kuzima kumene. Tsiku lina tinaima padzuwa mpaka ayisi yense anasungunuka, ndipo chambo chinafika pamsika chitatupa mimba.

Achimwene anati mafuta sakufika bwino ku injini. Anasintha fyuluta, kachitini kosefa mafuta kaja, zinthu n'kukhala bwino masiku ochepa, kenako vuto lomwe lija. Apa m'pamene anzanga a pamsika anandikhalira pansi. Amati madalaivala onse ndi amodzi, amapopa dizilo n'kugulitsa, m'thanki n'kuthiramo palafini. "Iwe ndiwe wamasiye," anatero mmodzi, "akukudyera masuku pamutu." Ine ndili ndi mtima wapachala, ndipo zimenezi amuna anga ankandidzudzula nazo mpaka analowa m'manda. Ndinameza nkhaniyo osatafuna.

M'mawa mwake pa doko, asodzi akutsitsa nsomba, amayi ali ndi mabeseni mbwee, ndinawafunsa achimwene mokweza kuti dizilo wanga akumugulitsa kuti. Phokoso lonse linatha. Iwo anali atanyamula thumba la ayisi, analitula pansi pang'onopang'ono.

"Wallahi, alamu, chakuba sindinadyepo."

"Kulumbira n'kosavuta," ndinayankha, ndipo ndinaseka. Kuseka kumeneko ndimakumva mpaka lero.

Ntchito sanasiye. Anabwera tsiku lotsatira nthawi yawo yomwe ija, koma moni unali wina: "Mwadzuka bwanji, mayi?" Ulamu unali utatha. Ine ndinagula loko n'kukhoma thanki, kiyi kumamanga pa mfundo ya chitenje. Dizilo ndinkathira ndekha. Galimoto sinachire, koma m'malo moti ndidzifunse, ndinaganiza kuti munthuyu ndi wochenjera kuposa loko.

Makaniko wina pa boma anandionetsa kachipangizo konga wotchi, kokhala ndi singano imodzi. Anati ndi geji yoonetsa mphamvu imene mafuta akupita nayo ku injini. Anafotokoza zambiri, koma ine ndinamva zimene ndinkafuna kumva. Pofika madzulo doko lonse linali litadziwa kuti ndagula geji yogwirira wakuba, chifukwa wolengeza ndinali ine mwini.

Makaniko uja anali ndi ntchito yambiri sabata imeneyo. Achimwene anati aiika okha, pakhomo panga, ine ndikuona. Anatsegula boneti pansi pa mtengo wa mango, n'kuyala masipanala pa thumba. Anadula payipi yochoka pa fyuluta, n'kulowetsapo kachitsulo ka nthambi zitatu, kuti nthambi imodzi ipite ku geji. Anamanga zolumikizira zonse, napititsa kapayipi kakang'ono mpaka kutsogolo, pafupi ndi chiwongolero, ndipo gejiyo anaipendeketsa kuti iyang'ane mpando wanga osati wawo. Kenako anapopa ndi dzanja kuchotsa mpweya mpaka dizilo anatuluka wopanda thovu. Ine ndinali nditaima chapafupi, manja m'chiuno ngati kapitawo.

Akupukuta manja anati, "Mayi, geji imeneyi sidziwa palafini, sidziwanso wakuba. Imangonena ngati mafuta akudutsa kapena akutsamwa. Ndiye tichite chonchi: nditsuke thanki inu muli pompo, ndiike fyuluta yatsopano, muthire nokha, mukhome nokha. Galimoto izigona pakhomo panu."

Tinachitadi choncho. Tsiku loyamba singano inaima chilili ulendo wonse, ine mumtima n'kumati waona, wakuba akasowa polowera galimoto imachira. Tsiku lachiwiri inatsikako pang'ono. Tsiku lachitatu, titangodutsa njira yokhotera ku Chitala n'kuyamba kukwera, ndinaiona singano ikugwa pang'onopang'ono mpaka pansi. Galimoto inatsokomola kawiri n'kuzima. Ndinagwira mfundo ya chitenje, kiyi anali pomwepo.

Achimwene anatsika n'kutsegula boneti. Anamasula fyuluta n'kukhuthulira zam'kati mwake m'botolo loyera. Dizilo anayandama pamwamba, pansi panakhala madzi. Kenako anapisa chala m'fyulutamo, natenga matope akudawo n'kundipaka pachikhatho. Nditatikita ndinamva kukhakhala. Unali mchenga wosalala wa kunyanja, umene ndaupondaponda moyo wanga wonse.

"Zigubu zanu mumatsuka bwanji, mayi?"

Funso limenelo linanditsegula maso pompo. Mkazi aliyense wa kunyanja amadziwa katsukidwe ka chigubu. Umathiramo madzi ndi mchenga wodzaza manja awiri, n'kukhutchumula mpaka mafuta onse atachoka m'mbali, kenako kutsukuluza. Ine ndinkatero nthawi iliyonse chigubu chikatha, ndipo ndinkatseka chikadali chonyowa kuti musalowe fumbi. Ndinkanyadira kumene kuti zigubu zanga n'zoyera kuposa za aliyense. Amene ankathira madzi ndi mchenga m'galimoto ya amuna anga ndinali ine.

Manyazi amene ndinamva pamsewu paja sindinawamvepo chibadwire. Ndinagwada pa miyala ya m'mbali mwa msewu, minibasi zikudutsa, n'kunena kuti achimwene ndikhululukireni.

"Ndamva, mayi. Dzukani, anthu akuona," anatero. "Koma pano pali ine, inu ndi galimoto. Tsiku lija panali doko lonse."

Ndinalonjeza kuti mawa lomwelo ndikanena pamaso pa anthu. Ndinapitadi pa doko mawu nditawakonza bwino. Koma nditaona nkhope za amayi aja, ndinaganiza za mmene adzandisekere, mkazi wotsuka zigubu za dizilo ndi mchenga. Mmodzi anandifunsa mokuwa kuti, "Nanga geji ija, yamugwira wakuba?" Ine ndinangoti, "Galimoto yachira." Onse anaseka n'kutembenukira kwa achimwene, amene ankamanga zingwe kumbuyo kwa pikapu. Achimwenewo anamva. Sanadzutse mutu, anangopitiriza kumanga.

Ndinadziuza kuti ndinena mawa. Mawa linabwera, ine n'kupezanso chifukwa. Mwezi utatha achimwene anandipatsa makiyi ndi manja awiri, nati apeza ntchito yonyamula mpunga ku Chinguluwe. Kunena zoona, mtima wanga unapepukako. Ndinaganiza kuti nkhani yapita nawo.

Patapita miyezi ingapo ndinakumana ndi akazi a achimwene mumsika pa boma. Anandipatsa moni mwaulemu wonse, kufunsa za ana mmodzimmodzi. Nditafunsa za achimwene anati ali kunyumba, akusoka maukonde a anthu. "Kumpunga kuja anawachotsa. Mwini galimoto anamva za dizilo uja." Ananena mopanda mkwiyo, n'kunyamula dengu lawo kumapita.

M'mawa mwake ndinaima pa doko, pamalo omwe aja, n'kunena zonse mokweza: za zigubu, za mchenga, za botolo lija, ndiponso kuti bambo aja sanabepo ngakhale dontho. Asodzi ena anamvetsera pang'ono n'kubwerera ku maukonde awo. Nditamaliza, mayi wina wachikulire amene ndimagulitsa naye nsomba anandigwira paphewa.

"Muli ndi mtima wabwino, anzanga," anatero. "Munthu anakuberani, inu mpaka kumuikira kumbuyo."