Thebo Imene Tinapangana Kuinyoza

Mu Joni muno palibe amene angandipusitse pa malonda. Ndinkanena zimenezi poyera, mpaka chaka chimene ndinagula galimoto yakale ya thebo, kachipangizo kowonjezera mphamvu ya injini, ku Midrand.

Ndinapita ndi makanika wina wakumudzi kwathu amene ali ndi galaja ku Marlboro, munthu amene ndinkadya naye mbale imodzi. Tili m'njira tinapangana kuti iye akanyoze injini kuti mtengo utsike. Ntchitoyo anaigwiradi. Atatsegula boneti anapukusa mutu n'kuuza mwini galimoto kuti, "Bambo, thebo iyi inatha kalekale." Ine ndinkaluma mlomo kuopa kuseka. Mwiniwakeyo sanalimbelimbe, anatsitsa mtengo.

Galimotoyo ndinaisamala ngati khanda. Ndinaithira oyilo wodula, ndinaiika paipi yaikulu ya utsi kuti anthu a ku Berea, kumene ndimakhala, azindimva ndikamafika, ndipo sindinkazimitsa injini isanapume. Mwezi usanathe inayamba kufuka utsi wabuluu, mpaka madalaivala a matekisi ankandiimbira hutala.

Nditapita nayo ku galaja kuja ndinapeza wondigulitsa uja atakhala pa tayala, akumwa tiyi ngati pakhomo pake. Ndi pomwe ndinadziwa kuti ndi mlamu wake wa makanika.

"Achimwene, zoona mwandigulitsa?" ndinafunsa makanika uja.

"Aaa, inenso?" anatero makanika uku akupukuta manja. "Kodi sindinanene pamaso panu kuti thebo inatha? Inu munkangomwetulira."

Mtengo ndinautsitsadi, palibe angatsutse. Koma galimotoyo yangoima kuseri kwa fulati, ine ndikukwera tekisi. Ndiye inu mukuona kuti anapambana ndani?